Mndandanda wa Mlamu Wanga Maclovia

Tsiku limene ndinalimba mtima kupita kukaonekera kwa makolo a Rosaura, amene ananditsegulira chitseko anali mkulu wake, a Maclovia. Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, kenako n'kufunsa kuti, "Ndinu amene mumaimba foni kuno n'kudula mukamva mawu anga aja eti?"

Ndinati ndikane, koma anandidula pakamwa. "Musavutike, a Eusebio. Ine ndimagwira ntchito kumatelefoni. Lachiwiri munaimba katatu, Lachinayi kawiri, ndipo mumaimbira pafoni ya kusitolo ya amalume anu. Lowani, khofi akuzizira."

Chinali chaka cha 1973. Rosaura ndinamukwatira chaka chotsatira, ndipo kuyambira pamenepo a Maclovia Archuleta akhala alamu anga, ondiseka poyera ndi kunditchinjiriza mseri.

Anabadwa oyamba m'banja la ana asanu ndi mmodzi, kumtunda kwa chigwa chathu kuno kumpoto kwa New Mexico, kumene bambo awo ankaweta nkhosa ndi kulima tsabola. Kusukulu ankakhoza masamu kuposa wina aliyense, moti sisitere amene ankawaphunzitsa anafunitsitsa kuti apite kukoleji ku Santa Fe. Koma chaka chimene ankamaliza sekondale mayi awo anadwala m'mapapo, ndipo panalibe wina wophikira ana. Analowa ntchito kubungwe lathu la matelefoni, lija anayambitsa okha makolo athu ataona kuti makampani akuluakulu akuti kuno n'kutali ndipo anthu ake ndi ochepa. Poyamba ankalumikiza mafoni ndi manja. Makina atabwera anawasamutsira patebulo lolandirira madandaulo. Anakwatiwa ndi Leandro, dalaivala wa lole yonyamula matabwa, munthu wofatsa amene ankayamba kuseka nthabwala isanathe. Anabereka mwana mmodzi wamkazi, amene pano ali ku Denver. Leandro anamwalira ndi matenda a mtima mu 1991, ndipo a Maclovia sanakwatiwenso.

Intaneti inafika kwathu mu 1997. Munthu wina wa ku Albuquerque anabwera ndi kompyuta yaikulu yolandira ndi kutumiza maimelo a chigwa chonse. Anaiika m'kachipinda komwe ankasungiramo matsache, anaphunzitsa masiku awiri, n'kusiya buku lokhuthala ndi nambala ya foni imene patatha miyezi itatu inasiya kulowa. Bwana wa bungwelo, a Filemon Sisneros, anasonkhanitsa antchito onse asanu ndi anayi n'kufunsa amene aziyang'anira makinawo. Amuna okonza mawaya anati iwo ntchito yawo ndi kukwera mapolo. Ena onse anayang'ana pansi.

"A Maclovia, inu mumatha kutaipa," anatero a Filemon.

"Ndimathanso kuphika nyemba, koma simunandipatseko lesitilanti," anayankha motero. Komabe bukulo analitenga. Analiwerenga miyezi isanu ndi umodzi pa nthawi ya chakudya chamasana, dzanja lina litagwira totiya, mkate wopyapyala wokulungamo nyemba, lina likulemba mizere pansi pa mawu. Anali ndi zaka 47.

Zaka zoyamba zinali zabata. Kenako kunayamba makalata achabechabe aja. Munthu ukatsegula imelo m'mawa kuti uone ngati mwana wako wa kuusilikali walemba, unkapeza makalata makumi anayi otsatsa mankhwala a mphamvu za abambo, mawotchi abodza, ndi ena okuuza kuti wapambana mpikisano umene sunalowe nawo. Tsiku lina mayi wina wachikulire, a Cleofas, anafika kuofesi atavala diresi lawo la kutchalitchi, kalata yotero ili m'manja, n'kufunsa kuti mphotoyo akatengera kuti. A Maclovia anawakhazika pansi, anawathirira khofi, n'kuwafotokozera pang'onopang'ono. A Cleofas anapinda kalatayo kanayi, anaiika m'kachikwama, n'kupempha kuti asauze ana awo. Atatuluka, mlamu wanga analowa m'kachipinda ka matsache kaja nkhope itafiira, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Ine ntchito yanga ndi kuomba mabulangete. Zamakompyuta ndimadziwa zokhazo zimene iwo anandiphunzitsa. Anandiuza kuti kompyuta iliyonse ikalowa pa intaneti imakhala ndi adiresi yake, manambala a magulu anayi olekanitsidwa ndi timadontho, ndiponso kuti makina athu amalemba mu kaundula adiresi ya aliyense wobwera, nthawi imene wabwera, ndi chimene amafuna. Kaundulayo palibe amene ankamuwerenga. A Maclovia anayamba kumuwerenga m'mawa uliwonse, mzere ndi mzere, ngati mmene ena amawerengera nyuzipepala. Anapezamo adani a mitundu iwiri. Ena anali otumiza zinyalala aja. Ena anali oyesa kulowa m'maimelo a anthu ndi m'makina momwemo poyesa mawu achinsinsi. Amayesa awa, akakanidwa ayesa ena, osatopa, mpaka atapeza olondola. Amenewa anawapatsa dzina lakuti ogogoda.

Tsiku lina Rosaura anandituma kukawasiyira maapozi kuofesi, ndipo anandiitana kuti ndione.

"Taonani uyu, alamu. Wagogoda ka zikwi zinayi chiyambire dzulo masana."

"Ndi ndani ameneyu? Alibe ntchito?"

"Si munthu, ndi makina. Munthuyo anangowatchera n'kupita kukadya. Amayesa mayina onse odziwika ndi mawu onse amene anthu aulesi amakonda. Inuyo mawu anu achinsinsi ndi otani?"

"Aa, amenewo ndi achinsinsi. Ngakhale Rosaura sawadziwa."

"Ndi dzina la galu wanu."

Ndisanayankhe, anapitiriza.

"Ndi chaka chimene munakwatira mng'ono wanga kumapeto kwake. Khalani pansi apa tisinthe, musandichititse manyazi."

Maadiresi oipawo anayamba kuwalemba m'kope la ana asukulu. Kopelo litadzaza anawalowetsa m'makina, n'kuwauza makinawo kuti adiresi iliyonse imene ili pamndandandawo asaitsegulire. Kenako anaphunzira kuwauza kuti adiresi ikalephera mawu achinsinsi kasanu ndi kamodzi m'mphindi khumi, ilembedwe yokha. Anatcheranso msampha umene mpaka lero ndimaseka ndikaukumbukira. Anatsegula imelo m'dzina la Canelo, hatchi ya malemu bambo awo imene inafa mu 1965. Imeloyo sanaipereke kwa munthu aliyense. Anangoibisa pakona ya tsamba la bungwelo pa intaneti, pamene maso a munthu sangaone koma makina otolera maimelo a anthu amaona. Ndiye aliyense wolembera Canelo anali wotumiza zinyalala, popanda kufunsa mboni.

"Canelo lero walandira makalata mazana atatu, alamu," ankandiuza tikakumana. "Awiri akumufunsira ukwati. Inu munalandirapo zingati?"

Makalata achabechabe anachepa m'chigwa mwathu, ndipo anthu ambiri sanadziwe chifukwa chake. Ankangoti zinthu zasintha. Mu 2003 a Filemon anawatenga kumsonkhano wa mabungwe ang'onoang'ono a matelefoni ku Amarillo, ndipo pa nthawi ya chakudya anakhala moyandikana ndi mayi wina wa ku Nebraska, Verna Kucera, amene nayenso anamusiyira makina otero kwawo. Verna atamva za mndandandawo anapempha kuti azimutumizirako. Anauza wina, winayo anauzanso wina. A Maclovia atatopa ndi kutumizira aliyense payekha, anauika poyera patsamba la bungwelo kuti wofuna azitenga ulere. Pofika 2006 unkatengedwa ola lililonse ndi malaibulale, timasukulu ndi tizipatala ta m'madera amene iwo sanapondeko. Ena ankawatumiziranso maadiresi amene awaona kwawoko.

Ndinene zoona, nthawi imeneyo mlamu wanga anali wouma mtima pa nkhaniyi. Adiresi ikalowa pamndandanda wawo sinkatulukanso. Wina akalemba kudandaula kuti amutsekera molakwa, ankangoti, "Wakuba ndi wakuba," n'kufufuta kalatayo.

Tsoka langa linabwera mu Malichi 2007. Nthawi imeneyo ndinali nditakokera intaneti yothamanga ija m'chipinda changa choombera, ndipo kompyuta inkakhala yoyaka tsiku lonse chifukwa masitolo a ku Santa Fe ndi kwina ankaitanitsa mabulangete pa imelo. Tsiku lina ndinalandira kalata yooneka ngati yochokera kusitolo ina, yakuti nditsegule chithunzi ndione mtundu wa bulangete limene akufuna. Ndinatsegula. Sipanaoneke chithunzi chilichonse. Ndinadinanso kawiri, kenako ndinabwerera kuulusi wanga. Masiku otsatira kompyuta inayamba kuchedwa, ine n'kumati yakalamba ngati mwini wake.

Sabata yotsatira makalata a chigwa chonse anayamba kubwerera. Namwino wa kachipatala kathu akalembera a mumzinda oyeza magazi, kalata inkabwerera. Ana a sekondale omaliza anali ndi makalata opempha malo ndi thandizo kumakoleji, tsiku lomaliza linali Lachisanu, ndipo nawonso ankabwerera. Chimene chinachitika n'chakuti kunja kuli mindandanda ina ikuluikulu kuposa wa a Maclovia, imene makampani ambiri amaidalira, ndipo itatu mwa imeneyo inali italemba maadiresi a bungwe lathu lonse chifukwa zinyalala zinkachokera kwathu. Chigwa cha mayi wotsekera ena chinali chitatsekeredwa.

Lachitatu m'mawa ndili pa ntchito yanga ndinamva galimoto ya a Maclovia ikuima panja. Analowa osagogoda, osapereka moni, anapita molunjika kuseri kwa tebulo n'kuzula waya wa intaneti.

"Alamu, mwadzuka bwanji kaye?" ndinatero.

"Ndadzuka ndi inu m'mutu. Khalani pansi." Anatulutsa pepala m'thumba la jekete. "Makalata zikwi makumi asanu ndi atatu m'masiku asanu ndi limodzi, onse kuchokera pa adiresi ya nyumba ino. Komanso chinthu chanuchi chakhala chikugogoda pamakomo a anthu ku Ohio, ku Brazil, ndi kwina kumene sindinamalize kuwerenga."

"Ine? Ine ndimalemba ndi chala chimodzi!"

"N'chifukwa chake ndikudziwa kuti si inu. Munatsegula chiyani sabata yatha?"

Ndinawauza za chithunzi chija. Anatseka maso kwa kanthawi. Kenako anandifotokozera kuti munalibe chithunzi, munali kachilombo kamene kanapereka kompyuta yanga m'manja mwa anthu ena akutali, ndipo iwo ankaigwiritsa ntchito ngati yawo, ine ndikuomba bulangete pambali pake.

"Ndakulembani pamndandanda wanga m'mawa uno," anatero motsitsa mawu. "Manambala okha, dzina ayi. Dzinalo ndikulidziwa ndine ndekha."

Mmodzi mwa ana omaliza sekondalewo anali mdzukulu wa mnzanga wa paubwana, mtsikana woyamba m'banja mwawo kufika pamenepo. Ndinawafunsa ngati makalata a anawo afika pofika Lachisanu.

"Imeneyo ndi ntchito yanga. Inu nyamulani chinthuchi muike m'galimoto."

Tsiku lomwelo anaimbira Verna ku Nebraska. Verna sanafunse zambiri. Anatsegula njira kuti makalata a sukulu ndi a kachipatala azidutsira pamakina a kwawo, amene sanali otsekeredwa, ndipo Lachinayi masana makalata onse a anawo anali atafika. Kenako a Maclovia analembera osunga mindandanda itatu ija, n'kuwaonetsa mizere ya mu kaundula, pamene vuto linayambira ndi pamene analithetsa. Awiri anatichotsa tsiku limodzi lisanathe, chifukwa dzina la a Maclovia ankalidziwa, linkabwera kawirikawiri pa malipoti a maadiresi oipa. Wachitatu anangokhala chete mpaka sabata yotsatira, ndipo iwo anamulembera tsiku lililonse kalata yaulemu yofanana ndi ya dzulo lake mpaka anatopa nawo n'kutichotsa.

Vuto la makina linatha, koma la anthu linali likungoyamba. Aliyense ankafuna kudziwa kuti zinyalalazo zinachokera nyumba iti. Panali mayi wina wojambula zithunzi, Joanne Pruitt, amene anachokera ku California n'kugula nyumba yakale pafupi ndi mlatho. Analibe wachibale kuno, ankakhala yekha, ndipo ankadziwika kuti amakhala pakompyuta nthawi yaitali. Sindikudziwa amene anayambitsa, koma pofika Lamlungu nkhani inali itamera mizu kuti ndi iyeyo. Kusitolo anthu anasiya kumuyankha moni. Ine ndinamva zonsezo ndili pamzere wogula mafuta a galimoto, ndipo ndinangoyang'ana nsapato zanga.

A Filemon anaitana a Maclovia kuofesi kwawo. Zimene anakambirana ndinamva kwa a Filemon eni ake patapita zaka.

"Makolo akundivutitsa, a Maclovia. Ndipatseni dzina basi, ndiwakhazike mtima pansi."

"Si mayi wa pamlatho uja. Zimenezo auzeni."

"Ndawauza, akuti mukumubisa. Ndiye ndi ndani?"

"A Filemon, kuyambira 1969 ndamva zinsinsi za chigwa chonsechi pamawaya, zanu zomwe. Mukufuna ndiyambe lero kutchula mayina? Ndiyambire chaka chiti?"

A Filemon akuti anangotsokomola n'kuwafunsa ngati akufuna khofi.

Ine masiku amenewo ulusi unkangoduka m'manja. Rosaura ndinali nditamuuza, ndipo ankangondiyang'ana, zimene zinali zowawa kuposa kukalipidwa. Lachinayi ndinapita kunyumba kwa mlamu wanga. Ndinawapeza akusenda adyo pakhonde.

"Alamu, nditani?"

"Si ntchito yanga kukuuzani. Ine dzina lanu sindidzalitchula mpaka kumanda, zimenezo musade nazo nkhawa." Anapitiriza kusenda. "Koma Loweruka kuli kukonza ngalande. Mayi uja adzabwera ndi fosholo yake ngati chaka chatha, ndipo palibe adzaime naye pafupi. Tengani adyo uyu mukampatse Rosaura."

Loweruka tinasonkhana kumutu kwa ngalande yothirira minda monga timachitira chaka chilichonse madzi asanatsegulidwe, nyumba iliyonse munthu mmodzi ndi fosholo. Tinalipo ngati makumi atatu. Joanne anabweradi, ndipo anaima payekha pafupi ndi mtengo. Kapitawo wa ngalande atamaliza kuitana mayina, ndinavula chipewa n'kunena kuti ndili ndi mawu. Ndinafotokoza zonse, za chithunzi chija, za makalata zikwi makumi asanu ndi atatu, ndiponso kuti ndakhala chete masiku khumi ndikumva munthu wosalakwa akunenedwa.

Kenako Amarante, mnzanga wa paubwana uja, agogo ake a mtsikana uja, anatsamira fosholo yake n'kunena kuti, "Ndiye mankhwala a mphamvu aja umagulitsa ndiwe, Eusebio? Bwanji sunatichotsereko mtengo ife anzako?"

Anthu anaphulika kuseka. Wina anakuwa kuti, "Mufunseni Rosaura ngati amagwira ntchito!" Wina anati kuyambira lero ndine dokotala. Dzina limenelo linandikakamira, moti mpaka pano pali ana amene amaganiza kuti ndinagwirako ntchito kuchipatala.

Joanne sanaseke. Ndinapita pamene anaima n'kumupepesa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Masiku khumi ndi ambiri, bambo Montoya." Ndinavomera kuti ndi ambiri. Anatola fosholo yake n'kulowa m'ngalande, ndipo ine ndinalowa pambali pake. Tinakumba limodzi mpaka masana osayankhulana. Pa nthawi ya chakudya akazi a Amarante anapatsa Joanne mbale yoyamba ya posole, chimanga chophika ndi nkhumba chija, ndipo anamuthirira tsabola wambiri kuposa amene akanatha kudya. Kwathu kupepesa kumakhala kotero. Zinatenga chaka kuti Joanne ayambenso kundipatsa moni wochokera pansi pa mtima, ndipo sindimuimba mlandu.

Kompyuta yanga a Maclovia anaibweza patatha sabata, ataifufuta zonse n'kuikamo zatsopano. Atamaliza kulumikiza mawaya sananyamuke msanga. Anakhala pampando wanga woombera n'kumaseweretsa ulusi.

"Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndikulemba akuba," anatero. "Chikhalirecho ambiri mwa iwo ndi anthu ngati inu, alamu. Opusa, koma osalakwa. Akuba enieniwo ali kuseri, adiresi yawo sinafikepo pamndandanda wanga. Ndipo ena anandilembera kudandaula, ine n'kumafufuta."

"Mwati opusa?"

"Ndanenanso kuti osalakwa. Musasankhe mawu."

Kuyambira mwezi umenewo anasintha malamulo a mndandanda wawo. Adiresi ikakhala masiku makumi atatu osavutitsa munthu, inkachoka yokha. Wodandaula aliyense ankayankhidwa. Ndipo tsiku lililonse ankasankha maadiresi asanu, n'kufufuza kuti ndi a kampani kapena bungwe liti, n'kulemba kalata yaifupi yakuti kompyuta yanu ina yagwidwa, ikuchita zakutizakuti, onani mizere iyi. A Filemon ankati akutaya nthawi, ndipo kumbali ina ankanena zoona, chifukwa mwa makalata khumi ankayankhidwa imodzi. Koma imodziyo inkawakwanira. Ndikukumbukira mphunzitsi wina wa kusukulu ya kumapiri ku Peru amene makompyuta ake onse asanu ndi atatu anali atagwidwa, iye osadziwa chifukwa chake ana akulephera kutsegula chilichonse. Analemberana naye m'Chisipanishi mwezi wathunthu, kumuuza dinani apa, tsopano apa, mpaka zonse zinayera. Munthuyo anatumiza chithunzi cha ana ake ataima pamzere kutsogolo kwa sukulu. A Maclovia asanachitsegule anachiyeza kaye katatu kuti aone ngati mulibe kachilombo.

Akuba enieniwo sanawagwirepo ndi mmodzi yemwe. Kamodzi tinamva pawailesi kuti apolisi a mayiko ena atseka gulu lalikulu la anthu otere, ndipo kaundula anakhala pafupifupi mbee masiku asanu ndi anayi. A Maclovia ankafika kuofesi n'kusowa chowerenga, mpaka anakonza kabati yonse ya mafayilo. Tsiku lakhumi ogogoda anabwerera ndi maadiresi atsopano. Ndinawafunsa ngati sizikuwagwetsa ulesi.

"Mbale mumatsuka kamodzi n'kusiya?" anandifunsa. "Aa, ndaiwala kuti ndikufunsa munthu amene sanatsukepo."

Anapuma ntchito mu 2016 chifukwa cha maso. Shuga anawaononga pang'onopang'ono, mpaka manambala anayamba kusakanikirana ngakhale atawakulitsa ngati zikwangwani za pamsewu. Mndandandawo anaupereka kwa Verna ndi anthu ena atatu a m'mabungwe ang'onoang'ono, ndipo ukuyendabe. Paphwando lowatsanzika muholo ya tchalitchi, Verna anafika atayendetsa yekha galimoto masiku awiri, chikhalirecho anali ataonana kamodzi kokha chibadwire, ku Amarillo kuja. Anabwera ndi makalata amene anatolera kwa anthu ogwiritsa ntchito mndandandawo, n'kuwawerenga mokweza chifukwa mwini wake sakanatha kuwerenga. Panali ya woyang'anira laibulale ku Montana, ya ofesi ya madzi ya tauni ina ku Kansas, ya asisitere ena ku Kentucky. Anthu a m'chigwa chathu anamvetsera pakamwa pali yasa. Ambiri ankadziwa a Maclovia ngati mayi wolandira madandaulo amene amakalipa ukaiwala mawu achinsinsi. Mtsikana uja, mdzukulu wa Amarante, analipo, ali namwino tsopano, ndipo anaimirira n'kuwakumbatira. Mlamu wanga anati m'holomo muli fumbi lambiri, likuwalowa m'maso.

Ine sindinayankhule paphwandolo. Ndinaopa kuti mawu andithawa pamaso pa anthu. Koma ndimadziwa chimene anandichitira. Akanatha kunditchula kuti adzipulumutse okha, pakuti sabata imeneyo anthu ankawanenanso iwo kuti alephera ntchito. Akanathanso kundibisa mpaka kalekale, ine n'kukhala munthu wodutsa pamlatho nditayang'ana kumbali. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi, ndipo ndimawathokoza pa zonse ziwiri.

Pano amakhala m'kanyumba kamene tinawamangira kuseri kwa yathu. Mwezi uliwonse ndimawatengera kwa dokotala wa maso ku Española, ndipo njira yonse amandiuza kuti ndikuthamanga, ngakhale sakuona singano ya liwiro. Chilimwe chatha anabwera m'chipinda changa choombera n'kunena kuti atopa kukhala, ndiwaphunzitse kuomba, popeza ntchitoyo imafuna zala osati maso.

"Pa msinkhu umenewu, alamu?"

"Ngati munaphunzira inu, ndiye kuti si zovuta."

Ndinawatulutsira choombera chaching'ono chimene chinali cha malemu bambo anga, ndinawakonzera ulusi, n'kuwagwira manja masiku oyamba. Amagwira ntchito maola awiri m'mawa uliwonse, Rosaura akuwasankhira mitundu. Bulangete lawo loyamba linatuluka lopendekeka, mbali ina yaitali kuposa inzake ndi zala zitatu. Ndinayesa kunena mwaulemu kuti aliyense amayamba choncho, kuti dzanja lamanja limakoka kwambiri.

"Dzanja langa lili bwinobwino," anatero. "Choombera chanuchi n'chokhota. Ndikumva ndikamakankha, kumanzere kukufika msanga."

Ndinawauza kuti choomberacho chaomba mabulangete zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo palibe anadandaulapo. Anati ndikatenge choyezera. Ndinapita kukachitenga m'galaja ndikung'ung'udza, ndinagwada n'kuyeza miyendo yonse inayi. Wakumanzere wakutsogolo unali utadyeka pansi, wafupika ndi theka la chala. Ndinadula kathabwa n'kuikapo, Rosaura akuseka pakhomo, ndipo a Maclovia anayamba bulangete lachiwiri tsiku lomwelo.